BetBlocker imatseka foni, koma ndalama azisunga ndi wina

Mwa zida zaulere zomwe banja la munthu wokodwa ndi juga lingagwiritse ntchito muno mu Blantyre, BetBlocker ndiyo yoyenera kuyamba nayo. Ndi pulogalamu ya pafoni ndi pakompyuta yomwe imatseka mawebusayiti obetcherapo. Eni ake ndi bungwe lachifundo la ku Britain. Salipiritsa, ndipo safunsa dzina kapena nambala ya foni. Zimenezi n'zothandiza kwambiri, chifukwa ambiri amene kandege, masewera obetcha a pa intaneti, kawasaukitsa amaopa kudziwika kuposa momwe amaopera ngongole.

Kuyiika sikuvuta. Pa foni ya Android muitenge ku Play Store, muvomereze zilolezo zonse zomwe ikupempha, kuphatikizapo cha VPN, njira yomwe pulogalamuyi imasefera intaneti ya pafoniyo, kenako musankhe nthawi yodzitsekera. Nthawiyo imayambira pa maola 24 mpaka zaka 5, ndipo mukatsimikiza simungaifupikitse. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Munthu amene wadyedwa malipiro onse Lachisanu amasankha sabata imodzi, poti mtima ukadali kuwawa ndipo akuganiza kuti waphunzira. Sabata ikatha, Bullets ikukumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndipo khomo latseguka lokha. Sankhani miyezi, osati masiku, ndipo nthawiyo idutse malipiro a miyezi ingapo. Pochita zimenezi pakhale m'bale mmodzi wokhulupirika, koma wodina akhale mwini wake. Foni yotsekedwa mwakabisira ndi mkazi kapena kholo imangobala ndewu ndi foni yachiwiri.

Mukamaliza, yesani pomwepo kutsegula webusayiti iliyonse yomwe munthuyo amabetcherapo. Ina ikatseguka, alembereni eni pulogalamuyi kuti ayiwonjezere pa mndandanda wawo. Onaninso mbali ya batire: mafoni ambiri otsika mtengo amazimitsa mapulogalamu ogwira ntchito mobisika pofuna kusunga moto, choncho muilole BetBlocker kuti izigwira nthawi zonse. Ngati pafonipo pali VPN ina, ichotseni, chifukwa Android imalola imodzi yokha panthawi.

Ubwino wake umaoneka kwambiri pa kandege. Masewerawa, omwe dzina lake ndi Aviator, amabweza pafupifupi K97 pa K100 iliyonse yobetchedwa mukawerengera kwa nthawi yaitali. Zikumveka ngati zochepa, koma ulendo umodzi umatha m'masekondi. Munthu woika K1,000 maulendo 100 usiku umodzi wazunguza K100,000, ndipo mwa masamu okha wataya K3,000 ngakhale asanakumane ndi tsoka. Tsokalo likabwera amakweza ndalama kuti abweze zomwe zadyedwa, ndipo n'kumene dzenje limakulira. Chilakolako chobetcha chimabwera mwamphamvu kenako n'kuzilala. Foni ikakana kutsegula pakati pa usiku, munthu amapulumuka usiku umenewo.

Zofooka zake n'zoonekeratu. Imateteza foni yomwe yaikidwamo basi. Siitseka shopu yobetchera ya ku Ndirande kapena ku Bangwe, siitseka foni ya mnzake, ndipo siigwira manambala odina oyamba ndi nyenyezi, chifukwa amenewo sadutsa pa intaneti. Foni ikafufutidwa yonse kwa okonza mafoni ku Limbe, chitetezo chimapita nacho. Chotero aliyense amene akuuzani kuti pulogalamuyi yokha ithetsa vutoli akukunamizani.

Ntchito yaikulu ili pa ndalama. Malipiro akalowa, tsiku lomwelo lipirani lendi, fizi, magetsi ndi madzi, mugule ufa, ndipo zotsala zipite kwa munthu amene banja lagwirizana kuti azisunga. Wobetchayo azilandira ya minibasi ndi ya nkhomaliro ya tsikulo, pamanja. Mu Airtel Money kapena Mpamba yake musamagone ndalama, ndipo akaunti ya kubanki isalumikizidwe ku foni yakeyo. Akaunti zake za kumakampani obetcha azitseke polemba kalata kapena uthenga wopempha kuti asamuloledwenso, ndipo musunge umboni wa pempholo. Makampaniwa amayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 ndipo ili konkuno ku Blantyre. Kumeneko n'komwe mungakadandaule ngati kampani ikunyalanyaza pempho lanu kapena ikulola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha.

Pa ngongole tikupemphani kuti mulimbe mtima. Achibale ambiri amathamangira kulipira katapila kapena kuombola katundu wa pinyolo kuti manyazi achoke pakhomo. Mukalipira zonse kamodzi, mwamutsegulira mpata wokongolanso. Khalani pansi, mulembe ngongole iliyonse: kwa ndani, zingati, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza. Mndandanda woyamba sukhala wathunthu, choncho mufunsenso pakatha sabata popanda kukalipa. Yambani ndi ya katapila poti ndiyo imakula msanga, ndipo wobweza akhale mwini wake, pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro ake. Ngati iye ndi amene amasunga ndalama za banki m'khonde kapena za kumpingo, atule udindowo lero.

Kutchova juga kosalamulirika ndi matenda, ndipo bungwe la World Health Organization linaika vutoli m'gulu limodzi ndi zizolowezi zina zokola munthu. Palibe piritsi lochotsa chilakolakochi. Chomwe chimathandiza ndi uphungu wobwerezabwereza, wophunzitsa munthu kuzindikira zomwe zimamukoka ndi kuwongola maganizo akuti kuwina kuli pafupi. Yambirani kuchipatala cha m'dera lanu, monga ku Zingwangwa, Chilomoni kapena Limbe, mutatenga buku la kuchipatala. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, komwe kuli kiliniki ya matenda a m'maganizo. Mukafika, tchulani juga momveka. Ambiri amangonena kuti sakugona kapena mutu ukuwawa, n'kubwerako ndi mankhwala a zimenezo, gwero lisanakhudzidwe. Ngati pali mowa, chamba kapena kukhumudwa kwakukulu, nenaninso, chifukwa zimayendera limodzi ndipo zimenezo zili ndi chithandizo chake.

Mkazi, mwamuna kapena kholo la wobetchayo nalonso lipemphe uphungu wakewake, ndipo pakakhala kumenyedwa kapena kulandidwa katundu, pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi. Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino angofa, kapena akutsanzika ndi kugawa zinthu zake, musadikire tsiku la kiliniki. Musamusiye yekha, chotsani chingwe, mankhwala a makoswe ndi a mbewu m'nyumbamo, ndipo mupite naye ku Gulupu nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.