Miyezi 10 chisinthireni oyilo ndi fyuluta ya giyabokosi ya Corolla yanga yakale

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya mu 2004, ya mtundu wa NZE121, yokhala ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi giyabokosi ya otomatiki ya magiya anayi yomwe a Toyota amaitcha U340E. Inachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, ndipo ine ndine mwini wake wachitatu kuno kumudzi. Mu Epulo chaka chatha, itayenda makilomita 231,000 (ngati nambalayo ili yoona, pakuti galimoto zina zimafika nambala atazibweza), ndinasinthitsa oyilo ndi fyuluta ya m'giyabokosi, ngakhale amakaniko awiri anali atandiletsa. Tsopano papita miyezi 10 ndi makilomita ena 16,000, ndipo ndikuona kuti nthawi yakwana yoti ndinene zimene ntchitoyi inathetsa ndi zimene inalephera.

Chimene chinandichititsa kuganiza za giyabokosi chinali khalidwe lake m'mawa ndi pa chitunda. Ndikachotsa giya pa P kuika pa D, galimoto inkakhala phee kwa masekondi ngati awiri, kenaka inkalowa giya mwamphamvu ngati wina waigunda kumbuyo. Ikatentha, makamaka pa mdipiti wa galimoto wa madzulo mu msewu wa Masauko Chipembere pochokera ku Limbe, injini inkayamba yakwera mawu kaye isanalowe giya yachitatu kuchoka pa yachiwiri. Nditazula dipisitiki (kachitsulo koyezera oyilo) ya giyabokosi ndi kupukutira pa pepala loyera, oyilo anali wofiirira moderako ngati tiyi wopanda mkaka, osati wofiira monga amakhalira watsopano, koma sankanunkha kupserera. Eni ake akale sanandisiyire pepala lililonse losonyeza kuti anamusinthapo.

Makaniko woyamba anandiuza mosapsatira kuti, "Bwana, oyilo ameneyo musamukhudze, mukangomusintha galimotoyi mudzaikoka ndi chingwe." Wachiwiri ananena zomwezo m'mawu ena. Chenjezo limeneli silongopeka, ndipo ndi bwino kulimvetsa tisanalinyoze. M'kati mwa giyabokosi ya otomatiki muli timbale ta kilachi tambiri tomwe timagwirana ndi kulekana poyendera mphamvu ya oyilo, ndipo timbaleti tikamatha, fumbi lake limasakanikirana ndi oyiloyo. Giyabokosi imene yatheratu nthawi zina imapitiriza kugwira chifukwa cha oyilo wolimba wodzaza fumbi ameneyu, kotero akamuchotsa ndi kuthira watsopano, kuterereka komwe kunabisala kumaonekera poyera. Palinso mfundo ina: anthu ambiri amakumbukira za oyiloyu giyabokosi ili kale pafupi kufa, ndiye ikafa patapita milungu iwiri, mlandu umagwera oyilo watsopano. Maganizo anga anali akuti oyilo wanga sanapserere, galimoto sinkaterereka ponyamuka, choncho timbale tinali tisanathe.

Makaniko wachitatu, bambo wachikulire wodekha pa ntchito, anavomera koma anaika malire ake. Anakana kugwiritsa ntchito makina okankha oyilo yense nthawi imodzi, ponena kuti pa galimoto yoyenda mtunda wotere ndi bwino kusintha pang'onopang'ono kuti litsiro lisasunthe lonse pamodzi n'kukatseka timipata ting'onoting'ono ta mu valve body, chipangizo chowongolera kayendedwe ka oyilo m'giyabokosi. Giyabokosi imeneyi imalowa oyilo wokwana pafupifupi malita 7, koma wambiri amatsalira mu torque converter (chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi), m'mapaipi opita ku rediyeta ndi m'timipata tam'kati, moti titamasula sampu, beseni la pansi pa giyabokosi losunga oyilo, tinangopeza malita 3.3 basi. Tinamuyeza m'chigubu cholembedwa miyeso kuti tibwezeremo wofanana.

Pa nkhani ya mtundu wa oyilo sindinalole kukambirana. Pa dipisitiki ya galimotoyi panalembedwa kuti Type T-IV, ndipo ndinagula ameneyo, zitini ziwiri za malita anayi chilichonse, ngakhale wogulitsa m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto ankandikakamiza Dexron III wotsika mtengo ponena kuti "ATF ndi ATF, onse ndi ofiira" (ATF ndi dzina lachidule la oyilo wa giyabokosi ya otomatiki). Kufiira n'kwa utoto wongothiramo kuti munthu asiyanitse ndi oyilo wa injini. Chimene chimasiyanitsa mitunduyi ndi mankhwala owongolera kagwiridwe ka timbale ta kilachi, ndipo Dexron ndi muyeso wa kampani ya General Motors pamene T-IV anapangidwira magiyabokosi ngati awa. Amene ali ndi Corolla Axio, yomwe inayamba kutuluka mu 2006, asamale koposa, chifukwa zambiri za otomatiki zili ndi giyabokosi ya mtundu wina yotchedwa CVT imene imafuna oyilo wakewake, ndipo zimene ndikufotokoza pano sizikuikhudza.

Sampu itatsika, ndinaona ndi maso anga zimene zaka 20 zinasiya. Maginito omwe amakhala pansi pa sampu anali atakutidwa ndi phala lakuda losalala ngati mwaye wonyowa, lomwe ndi fumbi la chitsulo la kutha kwa masiku onse. Makaniko analifikisa pakati pa zala zake kufunafuna tizidutswa tokanda kapena tonyezimira, ndipo atapanda kupeza kalikonse anati tipitirize. Akanapeza tizidutswa ta chitsulo, ntchitoyo ikanathera pomwepo, chifukwa oyilo watsopano sangalumikize chitsulo chomwe chabenthuka. Fyuluta, yomwe a Toyota amaitcha strainer, inali yakuda koma yosatsekeka, ndipo tinaika yatsopano pamodzi ndi kamphira kake kozungulira pakhosi.

Cholakwa chachikulu pa ntchito yonseyi chinali changa. Fyuluta imene ndinagula inabwera ndi gasiketi yopyapyala yotsika mtengo, ndipo m'malo mofunafuna yabwino ndinalola kuti tiike yomweyo. Mnyamata wothandiza pa galaja anamanga timabawuti ta sampu ndi mphamvu ngati akumanga tayala, pamene timafunika mphamvu yochepa kwambiri, pafupifupi 8 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), ndiponso kumangidwa mopingasa kuti gasiketi ikhale mofanana mbali zonse. Patatha milungu itatu ndinayamba kuona timadontho tofiira pa simenti pomwe ndimaimika galimoto. Mnzanga wina anandilangiza kumata ndi silikoni, koma ndinakana, chifukwa silikoni wochuluka amafinyikira m'kati, n'kubenthuka, n'kukatseka fyuluta yomwe ndinali nditangoigula. Tinatsitsanso sampu itayenda makilomita 1,500, n'kuika gasiketi yeniyeni ya Toyota, ndipo chiyambire pamenepo sipanadonthenso kanthu.

Kudontha kumeneku kunandipindulira mwanjira ina. Kutsitsa sampu kachiwiri kunachotsa malita ena oposa atatu a oyilo wosakanikirana, yemwe anali ataderako kale chifukwa chotsuka litsiro lakale, komanso kunandipatsa mwayi woonanso maginito. Anali ndi kafumbi kochepa kwambiri, chizindikiro chakuti m'kati simukuphwanyika chilichonse mwachangu. Pa makilomita 237,000 tinakhetsanso malita 2.5 kudzera pa bawuti yokhetsera yokha osatsitsa sampu. Mwa kuwerengera kwanga, oyilo wakale amene watsala sakufika gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo lero dipisitiki ikutulutsa oyilo wofiira bwino.

Kusintha kwenikweni sindinakumve tsiku loyamba, koma m'mwezi wachiwiri. Kugunda kuja poika giya pa D kunatha, ndipo tsopano imalowa mofatsa pa sekondi imodzi. Kukwera mawu kwa injini pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu kunatheratu poyenda m'tauni. Mayeso aakulu anali mu Okutobala, pa nthawi ya kutentha koopsa, pamene ndinatsika mapiri a ku Chikwawa mpaka kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kubwerera ku Blantyre masana ndi anthu anayi ndi matumba awiri a chimanga. Pokwera ndinaika giya pa 2 m'makona othina kuti giyabokosi isamangosinthasintha, popeza kusinthasintha kotero ndi komwe kumatenthetsa oyilo. Inakwera bwino, koma kawiri, nditabwezera pa D pa malo otsetsereka pang'ono, injini inakwezanso mawu isanagwire giya yachitatu, ngakhale mocheperapo kusiyana ndi kale. Apa m'pamene ndinavomereza kuti mbali ina ya vutolo ndi kutha kwa timbale, ndipo oyilo sangabweze zimene zinaperepeseka.

China chimene sichinasinthe ndi giya yobwerera m'mbuyo m'mawa kukazizira. Mu Juni ndi Julayi inkachedwa masekondi awiri kapena atatu isanagwire, monga inkachitira ndisanasinthe oyilo, ndipo makaniko akuganiza kuti mphira zam'kati zinauma ndi ukalamba. Kamwedwe ka petulo sindinaone kusiyana kulikonse, ngakhale ndakhala ndikulemba malita ndi makilomita pa maulendo anga a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kudzera ku Zalewa, choncho amene akuyembekezera kuti ndalama ya oyilo ibwerera kudzera pa petulo asadzinyenge. Palinso chinthu chimene poyamba ndinkachiyesa vuto: m'mawa galimoto imachedwa kulowa giya yachinayi. Umu ndi momwe inapangidwira, chifukwa kompyuta yake imaletsa giya imeneyi mpaka injini itatentha.

Kayezedwe ka oyiloyu ndi kosiyana ndi ka oyilo wa injini, ndipo ndaona madalaivala akalekale akulakwitsa. Galimoto iyambe yayenda mpaka oyilo atenthe kufika madigiri 70 mpaka 80, iime pa malo athyathyathya injini ikulira, munthu apondereze buleki n'kudutsitsa giya m'malo onse kuyambira P mpaka L, n'kubwerera pa P, kenaka azule dipisitiki ndi kuona ngati oyilo ali pakati pa zizindikiro za HOT. Kuthira wopyola muyeso n'kolakwa ngati kuthira wochepa, chifukwa oyilo wochuluka amachita thovu ndipo mphamvu yake yokankha timbale imachepa. Ine ndimayeza kamodzi pa mwezi.

Mlamu wanga ali ndi Corolla yofanana ndi yanga imene imaterereka ponyamuka, ndipo oyilo wake ndi wakuda bii wonunkha ngati nsima yopserera. Atandifunsa ngati achite zimene ndinachita, ndinamuuza kuti ndalamayo aisunge awonjezere pa yogulira giyabokosi ina. Yanga ili pa makilomita 247,000 tsopano, m'chitini chachitatu chimene ndinagula pambuyo pake mwatsala malita pafupifupi atatu, ndipo ndidzakhetsanso ikafika pa 270,000.