Maikulosikopu ya ophunzira: ndaipatsa nyenyezi 4, koma za 1000x pabokosipo musazimvere

Maikulosikopu iyi anandigulira malume anga a ku Joni nditawadandaulira pa foni mwezi woyamba wa koleji usanathe. Inabwera pa basi itakulungidwa m'bulangete pamodzi ndi katundu wa amayi. Ndaigwiritsa ntchito masemesita awiri a bayoloje ya chaka choyamba, ndiye ndikhoza kuyankhulapo. Ndi ya diso limodzi, thupi lake n'lachitsulo, pansi ili ndi malenzi atatu a 4x, 10x ndi 40x, ndipo oikapo diso anabwera awiri, la 10x ndi la 25x. Nyali yake ndi ya LED. M'bokosimo munalinso masilaidi asanu okonzakonza, ena opanda kanthu, ndi timagalasi tovindikirira.

Chinandidandaulitsa n'chiyani? Ku labu tinkakhala anthu asanu pa maikulosikopu imodzi. Maola atatu amatha iwe utasuzumiramo mphindi zochepa chabe, mnzako ali kale pamsana akuti "aise, tapanga changu". Ndiye pa lipoti langa loyamba ndinachita zomwe ndinazolowera ku sekondale. Tinapatsidwa kakhungu ka mkati mwa anyezi, ine ndinajambula selo la chomera lomwe ndinaloweza pokonzekera MSCE, lokongola bwino, ma chloroplast (timagawo tobiriwira ta m'selo) ali mbwee. Pepala linabwera ndi funso limodzi la inki yofiira: "Mwaziona kuti izi?" Anyezi amene timadya amakulira m'dothi momwe mulibe dzuwa, maselo a kakhungu kake alibe ma chloroplast. Ndinajambula za m'mutu. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti kosi iyi ikufuna munthu woona ndi maso ake n'kulemba zokhazo zimene waona, ndipo luso limeneli silibwera ndi mphindi zisanu pa sabata.

Apa m'pamene kachipangizoka kandithandiza kwambiri. Ku hositelo ndinayamba ndi chinthu chomwe anzanga ankaseka: kudula chilembo "e" m'nyuzipepala n'kuchiika pa silaidi. Chimaoneka chozondoka, ndipo ukakankhira silaidi kumanzere chithunzi chimapita kumanja. Mpaka manja atazolowera zimenezi, chinthu chimangokuthawa pansi pa lenzi. Kenako ndinalowa pa anyezi, madzulo aliwonse, mpaka amayi ogulitsa pamsika anayamba kundifunsa ngati ndatsegula lesitilanti. Ndi dontho limodzi la ayodini wa kufamase, makoma a maselo amaoneka ngati njerwa zoyalidwa bwino, nyukiliyasi ili pambali. Pokulitsa ka 40 ndi ka 100 (lenzi la diso la 10x kuchulukitsa ndi lapansi la 4x kapena la 10x) chithunzi n'choyera kwambiri, sindinaone kusiyana ndi za ku labu. Pa 400 (lapansi la 40x) pakati pamaoneka bwino koma m'mphepete mumachita chifunga pang'ono.

Anyezi wofiira ndiye anandimvetsetsa osmosis, kulowa ndi kutuluka kwa madzi m'selo, kuposa manotsi onse. Ukathira madzi amchere m'mbali mwa kagalasi kovindikira n'kukoka ndi tishu mbali inayo, umaona ndi maso gawo lofiira la selo likufota n'kusiyana ndi khoma. Ukabwezera madzi wamba limafufumanso. Ndinabwereza kambirimbiri chifukwa chongosangalala. Ma stomata, timabowo topumira ta tsamba, ndinawaona popaka kyutekisi woyera kunsi kwa tsamba, kudikira kuti aume, n'kumusupula ndi selotepi. Madzi a m'chithaphwi cha kuseri kwa hositelo anandionetsa ndere zokhala ndi mizere yobiriwira yopota ngati sipuling'i, ndi tizilombo tina tothamanga mosapumira. Kuyambira pamenepo madzi osawiritsa ndimawayang'ana kawiri.

Tsono za bokosi. Analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti imakulitsa mpaka ka 1000. Masamu ake ndi oona, 25 kuchulukitsa ndi 40 ndi 1000, koma n'kupusitsana. Ukaika lenzi la 25x lija chithunzi chimakuladi, koma palibe chatsopano chomwe ungaone, chimangofanana ndi chithunzi cha pa foni chomwe wachikoka ndi zala mpaka chasanduka phala. Lenzi la 40x analilemba 0.65 m'mbali, ndipo lamulo lomwe tinaphunzira n'lakuti kukulitsa kothandiza kumathera pa nambala imeneyo kuchulukitsa ndi 1000, ndiye kuti cha m'ma 650. Kupitirira apo n'kungodzinamiza. Kuti ufike pa 1000 weniweni pamafunika lenzi la 100x lomwe limamizidwa m'dontho la mafuta apadera, ndipo iyi ilibe. Ngakhale maikulosikopu wamba ya kuwala yodula chotani siingalekanitse timadontho tiwiri toyandikana kuposa pafupifupi 0.2 micrometre (milimita imodzi ndi ma micrometre 1000). Malire amenewa anawafotokoza wasayansi wa ku Germany, Ernst Abbe, mu 1873 ndipo amachokera ku kuwala kwenikweniko, osati ku mtengo wa chipangizo. Lenzi la 25x ndinalibwezera m'bokosi sabata yachiwiri ndipo likadali momwemo.

Nkhani imeneyi inandivuta kufotokoza kumudzi pa holide. Azakhali atamva kuti ndabwera ndi "makina a kuchipatala" anabwera ndi mwana wotentha thupi kuti ndimuyeze malungo. Ndinati, "Azakhali, pepani, izi sizingatheke, tiyeni kuchipatala pompano." Tizilombo ta malungo timakhala mkati mwa maselo ofiira a magazi, omwe kukula kwake ndi ma micrometre 7 kapena 8 basi. Kuti uziwone pamafunika mankhwala a Giemsa, lenzi la mafuta lija ndi munthu wophunzitsidwa ntchitoyo. Anachoka akung'ung'udza kuti sukulu yanga n'njachabe, koma mwanayo anapita naye. Amene mukuganiza zogulira kuyeza matenda kunyumba, iwalani.

Chondinyansa kwambiri ndi pogoneka silaidi. Pali timapanilo tiwiri tachitsulo basi, palibe zopotokoza zoyendetsera silaidi ngati za ku labu. Pa 400, kukankha pang'ono ndi chala kumataya chomwe umayang'ana, ndipo kalondolondo wa Paramecium, kachilombo kothamanga ka m'madzi, ndi zala ndi ntchito yotukwanitsa. Ndikanadziwa ndikanawapempha malume awonjezere ndalama agule yokhala ndi zoyendetsera. Chopotokoza chaching'ono chowongolera chithunzi chinayamba kulobodoka patatha miyezi inayi, umachizunguza pang'ono kaye chisanagwire. Pulagi inabwera ya mano ozungulira a ku South Africa, yosalowa m'masoketi athu a mano amakona, ndiye ndinagula adaputala. Izi sizinandivute kwenikweni chifukwa nyali imayakanso ndi mabatire atatu a AA, ndipo amakhalitsa. Magetsi akathima anzanga akusaka kandulo, ine ndimapitiriza. Masilaidi okonzakonza aja awiri anali ndi thovu la mpweya mkati, limodzi linalembedwa dzina lolakwika. Timagalasi tovindikirira tinatha msanga, zina mwa izo n'zolakwa zanga: ndinaphwanya tingapo potsitsa lenzi la 40x ndi chopotokoza chachikulu ndili chisuzumirire. Yambani ndi 4x nthawi zonse, ndipo mukafika pa 40x gwirani chaching'ono chokha.

Nthawi ya mvula samalani. Mnzanga wina anasiya yake m'kabati yachinyezi, malenzi anamera nkhungu ngati ulusi wa kangaude mkati. Yanga ndimaisunga m'bokosi lake ndi timapaketi ta silica tomwe timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Lenzi osalipukuta ndi malaya kapena tishu wamba.

Kujambula ndi foni kumatheka ukaigwira mosagwedeza pamwamba pa lenzi la diso, ndipo zithunzi zina zinatuluka bwino moti ndinazitumiza ku gulu la kalasi pa WhatsApp. Koma alekichala salandira chithunzi m'malo mwa chojambula pamanja. Amafuna pensulo ya HB yosongoka, mzere umodzi wosadukiza, osadetsa mkati, mizere ya mayina yolembedwa ndi rula yosapingasana, mutu pamwamba ndi kukula kwake pansi. Maselo atatu kapena anayi ojambulidwa mosamala amapeza malikisi kuposa tsamba lodzaza. Amafunanso kuti uziyerekeza kukula kwenikweni kwa chinthu. Ndinaika rula yoonekera mkati pansi pa lenzi la 4x n'kupeza kuti bwalo lomwe ndimaona ndi pafupifupi mamilimita 4.5, kutanthauza kuti pa 400 ndi ma micrometre 450. Ukawerenga maselo amene akwana kudutsa bwalolo, kugawa kwake n'kosavuta. Funso lotere linabwera pa mayeso a pulakitiko ndipo ndinalimaliza ena akadakanda mutu.

Musaganize kuti mukagula ndiye kuti labu mwathana nayo. Kwathu ukajomba mapulakitiko malikisi a chaka amakuthera pomwepo, ndipo pali zambiri zomwe kunyumba sungachite. Ndinamereza mizu ya anyezi m'kapu kuti ndione mitosis (kugawikana kwa maselo), koma popanda asidi wofewetsera ndi mankhwala odetsa ma chromosome ndinangoona phala. Ma chromosome a anyezi, omwe ndi 16, ndinakawaonera ku labu komweko. Komanso gawo lalikulu la kosiyi silikhudza lenzi n'komwe. Semesita yoyamba inadzaza ndi kemisitiri ya mapuloteni ndi ma enzyme, glycolysis ndi Krebs cycle, kenako nsawawa za Mendel ndi 9:3:3:1 wake. Pamenepo chimakupulumutsa ndi kuwerenga mutu usanalowe m'kalasi, kuwerengera mafunso ambiri ndi kupereka malipoti pa nthawi yake. Pa mayeso oyamba a enzyme ndinalakwa ndithu, maikulosikopu ili phee pa tebulo.

Kodi ndi yoyenera ndalama yake? Malume sanandiuze mtengo weniweni, anangoti ndisayembekezere foni yatsopano chaka chimenecho. Kwa amene akupitiriza ndi bayoloje, zaulimi kapena maphunziro a zachipatala, ndinganene kuti inde, makamaka mukasonkherana anthu atatu kapena anayi a chipinda chimodzi, chifukwa palibe amene amaifuna tsiku lonse. Ngati bayoloje mukungoidutsa semesita imodzi, sungani ndalamayo mugulire labukoti ndi mabando a intaneti, n'kumapempha a tekinishani kuti muzilowa mu labu ikakhala yopanda kalasi. Posankha, funsani za malenzi apansi ndi nambala zolembedwa m'mbali mwake, funsani ngati ili ndi zoyendetsera silaidi ndi chopotokoza chaching'ono, ndipo muonetsetse kuti malenzi ndi agalasi osati apulasitiki.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha timapanilo tija ndi bodza la pabokosi. Yangayi pano ili ndi mng'ono wanga wa Fomu 3, ndamubwereka mpaka sukulu itsegulidwe, ndipo dzulo wanditumizira uthenga wofunsa komwe angagule timagalasi tovindikirira tina.