Faiba: kuikwirira pansi kapena kuipachika pa mapolo?

Woyang'anira ntchito yoyala chingwe cha intaneti chotchedwa faiba ayenera kusankha msanga: chidutse pansi kapena m'mwamba.

Mtengo: kukumba ngalande yakuya pafupifupi mita imodzi kumadya ndalama, makamaka pamiyala. M'mwamba n'kotchipa ngati mapolo alipo kale, monga ESCOM imachitira pa nsanja zake za magetsi.

Nthawi: pansi mumadikira chilolezo cha khonsolo ndi oyang'anira misewu. M'mwamba ntchito imathamanga.

Kulimba ndiye kumandidetsa nkhawa kwambiri. Chapansi sichiopa mphepo, koma katapila wokonza msewu amachidula kamodzin'kamodzi, kenako amisiri n'kuyambanso kufukula dothi. Cham'mwamba chimagwa ndi mapolo, monga anagwera pa namondwe Freddy mu 2023, komabe podukapo pamaonekera patali.

Mumzinda ndi panjira zikuluzikulu, kwirirani. Kumudzi kutali, ndalama zikachepa, pachikani.