Makaniko wa ku Biwi amene anandikonzera chitseko cha HiAce, nyenyezi 4 pa 5

Ndili ndi ka Toyota HiAce ka 1998, kaja ka injini ya 3L ya dizilo, kokalamba ndithu koma ndi kamene kamandidyetsa, m'mawa ana a sukulu masana katundu wa azimayi a mumsika. Mu Okutobala chitseko chokoka chija cha kumanzere chinayamba matenda, ukakoka handulo yakunja imangobwera yofewa osatsegula, kenako tsiku lina chinakaniratu ana ali mkati, anachita kutulukira kutsogolo mmodzimmodzi kulumpha mpando makolo akuonerera, manyazi ake eee.

Ndinayamba ndekha ngati mmene timachitira tonse, kupopera WD-40 paliponse pamene ndaona bowo. Chinatseguka inde koma masiku atatu okha, basi chayambiranso. Malo ena awiri amene ndinafunsa anangoti gulani loko yatsopano osachikhudza nkomwe chitsekocho. Ndi mlamu wanga amene anandilozera kwa madala ena ku Biwi, alibe ndi chikwangwani chomwe, kashedi ka malata ndi kamnyamata kamodzi kowathandiza.

Chimene chinandisangalatsa nchoti sanathamangire sipanala. Analowa mkati, nkumasula handulo yamkati, kuchotsa chibodi chija chophimba chitseko, kupisa dzanja nkukoka kachitsulo kamene kamachoka pa handulo kupita ku loko, chitseko gwa chatseguka. Akuti bwana bwerani muone nokha. Kapulasitiki kogwira kachitsulo kaja kanali katasweka ndiye handulo imangokoka mphepo, ndipo loko yeniyeniyo inali yodzadza girizi wakalekale wosakanikirana ndi fumbi la ku Chinsapo kuno, wouma gwaa ngati chikhoko cha nsima ya dzulo.

Ine ndimati zathera pomwepo koma anati ayi, gwirani chitsekochi kumbuyo kwake mukweze m'mwamba. Chinagwedera. Ndiye anandifotokozera kuti chitseko chimenechi chimayenda pa marola atatu, timateyala tating'ono, pamwamba, pakati ndi pansi, ndipo lapakati lija limayenda m'kanjanji ka m'mbali mwa galimoto likadyeka chitseko chimatsika pang'ono, loko siyikumananso bwino ndi chitsulo chokolera cha pa bodi, ndiye inu mumangomenyetsa mwamphamvu tsiku ndi tsiku mpaka zamkati zonse kutopa. Kunena zoona mnyamata wanga amatseka chitseko ngati wakwiyira munthu, ndinangoti zii.

Loko anaitsuka ndi parafini ndi mswachi wakale, nkupaka girizi woyera uja wa lithium, kanjanji nakonso anapukuta. Anaika kapulasitiki kena ndi rola la pa HiAce ina yophwasulidwa, kenako anamasula pang'ono mabawuti a chokolera chija nkumachisuntha pang'onopang'ono, kutseka, kumvetsera, kusunthanso, mwina kasanu. Za WD-40 anati si yoipa ayi, imamasula dzimbiri ndi kuthamangitsa madzi, koma si girizi, ukaipopera uyenera kupakanso girizi pambuyo pake. Pabowo la kiyi anandiletsa girizi ndi oilo yemwe akuti zimaitana fumbi, anangopala mtima wa pensulo nkupaka pa kiyi, kulowetsa kutulutsa kangapo, ndinaseka koma kiyi ikuzungulira bwinobwino mpaka pano.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha nthawi. Anati maola awiri, ndinafika 9 koloko ndinachoka dzuwa litapendeka, kamnyamata kaja kanapita kukasaka rola nkusowa ngati kapita ku Dedza, tiripi ya masana inandipita. Komanso pochotsa chibodi anathyola timapini tiwiri osandiuza, ndiye ndikalowa msewu wa mabampu chimalira kwetekwete, ndipo mpando wa pafupi ndi chitseko anausiya ndi zala za girizi, mayi akunyumba anachapa akudandaula. Pa mtengo sindikudandaula, zonse pamodzi ndi rola sizinafike ndalama imene malo awiri aja amanditchulira ya loko yokha.

Pano ndi Febuluwale, mvula yagwa, matope talowa, chitseko chikutsekeka ndi dzanja limodzi moti mwana wa sitandade 3 amatsegula yekha. Loweruka ndikubwererako ndi chitseko chakumbuyo chimene chimandigwera pamutu, koma ulendo uno ndinyamula timapini tanga ndi kamba wa tsiku lonse.