Blantyre kapena kuno ku Mangochi?

Achinyamata ambiri akuno akangolemba mayeso a fomu 4, mtima umakhala uli ku Blantyre. Ena amatsala pa boma pompano. Kusiyana kwake nkotani?

Nyumba: ku Ndirande ndi kachipinda kamodzi, bafa ndi chimbudzi kugawana ndi mabanja angapo, lendi mwezi ndi mwezi. Kuno ambiri ali pamalo a makolo.

Ndiwo: kuno usipa timagula wauwisi, wongobwera kumene kunyanja. Ku Limbe umafika wouma, kamulu kochepa, mtengo wokwera.

Mayendedwe: kuno kabaza akukwanira. Uko ndi minibasi tsiku ndi tsiku, anayianayi pampando.

Nanga bwanji opitawo sabwerera? Ndalama kumeneko imayenda. Mayi wa mandasi pa Wenela beseni limatha dzuwa lisanafike pamutu, pomwe kuno malonda ambiri amadalira nsomba ndi alendo a kunyanja. Matenda akakula, chipatala cha Queen Elizabeth chili pafupi. Kutentha kwathu kwa mu Okutobala, kogonetsa anthu pakhonde kuja, uko amangokumva.

Blantyre ndi ya wofuna ntchito kapena geni, wotha kupirira lendi. Amene ali ndi bwato, munda kapena makolo okalamba oti awasamale, bola akhale konkuno.