Supercharger kapena turbo pa Toyota 86: zomwe ndinaona pakati pa Ulongwe ndi Tete

Chimangireni supercharger (makina ouzira mpweya wambiri mu injini kuti mphamvu ichuluke) pa galimoto yanga foni sikupuma. Munthu akangoimva ikulira kamluzu kaja pa Vila, tauni yathu ya Ulongwe kuno ku Angónia ku Mozambique, madzulo ake uthenga wafika pa WhatsApp: "Achimwene, nanga ine ndigule iti?" Ndayankha mpaka pakamwa pauma. Ndiye ndilembe kamodzi pano, wofunsa ndizingomulozera.

Galimotoyo ndi Toyota 86 ya 2013 yochokera ku Japan, ya magiya asanu ndi limodzi osintha ndi dzanja. Injini yake ndi FA20 ya malita 2, ija Toyota anagwirizana ndi Subaru, masilinda anayi ogona cham'mbali. Za mphamvu yake ya mahatchi 200 ija aliyense amazidziwa, sindibwereza. Zofunika pa nkhani ino ndi ziwiri. Injiniyi imafinya mpweya kwambiri kuchokera kufakitale, 12.5:1, ndiye ukaiwonjezera mpweya wotentha sichedwa kugogoda. Chachiwiri, ili ndi kaulesi kena pakatikati, cha m'ma rpm 4,000 (kuzungulira kwa injini pa mphindi), pamene umaponda koma iyo ngati ikuganiza kaye.

Kaulesi kameneka ndi kamene kanandilowetsa m'mavuto. Ine ndi wa geni ya kachewere, ndimatsika kawirikawiri kuchoka ku Ulongwe kudzera pa Mussacama, Moatize mpaka mu mzinda wa Tete kukaonana ndi ondigula. Amene amayenda msewu umenewu akudziwa mathiraki ake, wina kumbuyo kwa mnzake ngati nyerere. Mpata wopitirira ukapezeka umakhala waufupi, ndipo pamene ukufuna mphamvu ndi pomwe galimoto ikuyasamula. Kwathu kuno zimanyanya chifukwa tili pamwamba, kupitirira mamita 1,200, mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda chouzira imataya gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake, mwinanso kuposa.

Ndiyambe ndi chotaya. Kafani kamagetsi kaja amagulitsa pa intaneti n'kumati ndi supercharger, musagule. Injini ya malita 2 ikamazungulira pa 7,000 imameza malita a mpweya pafupifupi 7,000 pa mphindi. Kafani ka batire ya mavoti 12 kangafinye chiyani pamenepo? Kamangotseka njira.

Zotsala zenizeni ndi zitatu: supercharger yokhala pamwamba pa injini (ya Roots kapena ya sikuluwu ziwiri, ndiziika pamodzi poti khalidwe lake n'lofanana), supercharger yooneka ngati nkhono imene amati centrifugal, ndi turbo, imene imazunguliridwa ndi utsi wa ekizozi osati ndi lamba ngati ziwiri zinazo. Yoyambayo, imene ndiziitcha yapamwamba poti imakhala pamwamba pa injini, ndi yanga. Ya nkhono ili pa 86 ya mnzanga wina wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ndaiyendetsa kambiri. Turbo ili pa ya msuweni wanga wa ku Tete, amene timakangana naye nkhaniyi pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Kumanga pakhomo, yapamwamba ndi yosavuta kuposa zonse. Umachotsa manifodi yolowetsa mpweya, n'kukhazika makinawo pamalo pake, n'kusintha lamba. Ine ndi mesitiri wina wa pafupi ndi kwathu tinamaliza m'masiku awiri pansi pa mtengo, zida zathu masipanala, jeke ndi sipanala yoyezera kulimba kwa mabawuti yobwereka. Chosamala ndi mapaipi a petulo, chifukwa injiniyi ili ndi majekiseni amitundu iwiri, ena opopera m'silinda momwe ndi mphamvu yoopsa. Tsitsani mphamvuyo kaye, chotsani batire, ndipo mabowo a injini muwatseke ndi nsalu yoyera. Kabawuti kamodzi kakagweramo, mwaphwasula injini. Ya nkhono imafuna kuchotsa bampala ndi kuyala mapaipi opita ku intercooler (choziziritsira mpweya) yakutsogolo, ntchito yochulukirapo koma yotheka. Turbo ndi nkhani ina: ekizozi yonse kusintha, paipi ya oyilo yopita ndi yobwerera, kutchinga mawaya kuti asapse. Msuweni wanga anati milungu iwiri, galimoto inakhala pa matabwa miyezi itatu.

Tsopano pomwe ndinapsa.

Kiti yanga yoyamba ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, kwa munthu wina wa ku South Africa amene tinapezana pa intaneti. Mtengo unali wabwino kwambiri moti ndinaopa kufunsa zambiri, kuti wina angandipitirire. Safunsa anadya phula. Inalibe choziziritsira mpweya chilichonse, ndipo ine ndinaona ngati ndi mwayi poti ntchito yomanga ichepa. Mwezi wa Julayi kuno ku Angónia, m'mawa chisanu chili mbuu, galimoto inasanduka chilombo. Kaulesi kaja kanatheratu. Ndinkaponda pa giya yachinayi pa chitunda iyo n'kumangokoka. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Okutobala ndinatsika nayo ku Tete ndili ndi alamu anga. Amene sanafikeko mu mzinda umenewu mwezi wa Okutobala sangamvetse. Uli pansi m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200, ndipo kutentha kupitirira madigiri 40 si nkhani yodabwitsa munthu. Tinakhala pa mzere cha ku mlatho wa Samora Machel, kenako tinazungulira mu mzinda, masana ndithu n'kuyamba ulendo wobwerera. Titadutsa Moatize ndinapeza mpata wopitirira thiraki. Ndinatsitsa giya, ndinaponda mpaka pansi. Mluzu unalira bwinobwino koma galimoto osapita. Inali yofooka kuposa mmene inalili isanamangidwe chilichonse. Kutsogolo kunatulukira chapa (minibasi) itadzaza, ndinabwerera kumbuyo kwa thiraki mtima uli m'mwamba. Alamu anga anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Alamu, kodi ndalama zija munagula mluzu wokha?"

Ndinaima pamthunzi n'kulumikiza kachipangizo ka OBD2 kowerengera zochitika mu injini pa foni. Mpweya wolowa mu injini unali pafupi ndi madigiri 100. Chifukwa chake n'chosavuta. Mpweya ukaufinya umatentha, monga mmene pampu ya njinga imatenthera m'manja. Kuufinya ndi theka la bar (muyeso wa kufinyika kwa mpweya) kokha pa makina a mtundu umenewu kumawonjezera madigiri 50 kapena 60 pamwamba pa kutentha kwa panja. Ku Ulongwe m'mawa wa Julayi umayambira pa 12, ku Tete umayambira pa 40 ndi kanthu. Komanso chitsulocho chimakhala pamwamba pa injini, ukaima pa mzere chimamwa kutentha konse ngati chiwaya. Mpweya wotentha chonchi ukakumana ndi 12.5:1 ija, petulo amaphulika yekha nthawi isanakwane. Kompyuta ya galimoto ikamva kugogodako imachedwetsa moto wa mapulagi kuti ipulumutse mapisitoni, ndiye mphamvu zimathawa. Kunena zoona inandichitira chifundo. Ikanakhala injini yakale yopanda nzeru zimenezi, bwenzi nditabwera ndi galimoto pa thiraki.

Pa kutentha, ndivomere ngakhale zikundiwawa, ya nkhono ya mnzanga ndi imene imapirira. Intercooler yake ili kutsogolo, mphepo ya pamsewu imaiwomba mwachindunji, ndipo ikatenthedwa pa mzere imazizira msanga ukangoyamba kuyenda. Ilibe pampu, ilibe madzi. Mdani wake ndi miyala ya m'malo omwe phula linatha, ndiye anaika kawaya kotchinga. Turbo ya msuweni ilinso ndi intercooler yotero, koma pansi pa boneti pamakhala ng'anjo, anasungunula kale pulasitiki ya fani.

Ine nditapsa sindinasamuke mtundu. Ndinagula ina yapamwamba yomweyo, koma ya marota a Eaton TVS yokhala ndi choziziritsira cha madzi m'kati mwa manifodi, kaladiyeta kakekake kutsogolo ndi kapampu kamagetsi. Kusiyana kwake ndi usiku ndi usana. Koma muzikamvetsera kapampuko musananyamuke, chifukwa kakafa sikalira, mumangobwerera ku mavuto anga a Okutobala osadziwa. Pothira madzi muonetsetsenso kuti mpweya wonse watuluka m'mapaipi. Ife tinabwereza katatu.

Ndalama yobisika imene inandipweteka kuposa zonse si ya pa malire. Imeneyo ndinkaiyembekezera, ngakhale ambiri amaiwala kuti msonkho amawerengera pa mtengo wa katundu pamodzi ndi wa mayendedwe ake, kenako msonkho wina wa IVA wa 16 peresenti pamwamba. Chimene chinandidzidzimutsa ndi tune, kukonzanso pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti idziwe kuti mpweya wachuluka. Wondigulitsa uja analemba kuti zonse zilimo. M'bokosi munalidi zitsulo zonse, koma tune yake inali yomangirira ku galimoto yake, siisamuka. Ndinayenera kugula chingwe chake cholumikizira laputopu, kulipira laisensi ya galimoto yangayanga, kenako kulipira katswiri wakutali woti azindikonzera mafayilo. Zonse pamodzi zinayandikira theka la mtengo wa kiti ija ndinkati ndi yotchipa, ndipo zolipira zake m'ndalama zakunja. Galimoto inakhala pakhomo milungu isanu yomangidwa kale, ine osayerekeza kuiyendetsa, ana a m'mudzi akuiona ngati chipilala.

Ndalama imeneyi palibe mtundu umene umaithawa. Kiti yatsopano nthawi zina imabwera ndi tune yake, koma funsani kuti inakonzedwera petulo wanji, chifukwa 86 ya ku Japan ngakhale isanamangidwe kanthu imafuna petulo wa okiteni yokwera, wosafulumira kuphulika yekha. Turbo ndi imene imadya maulendo ambiri obwereza kwa katswiri. Ya nkhono ndi yofatsa, chifukwa mphamvu yake imakwera pang'onopang'ono motsatira kuzungulira kwa injini.

Pali china chimene katswiri wakutali sangachidziwe mukapanda kumuuza, ndipo ndi cha ife a chigawo chino. Poti ndinalibe dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto), iye ankandituma kuyendetsa galimoto laputopu ikujambula, ine n'kumutumizira pa imelo. Ulendo woyamba zojambula zonse ndinatengera kuno kumtunda, kozizira, mpweya wopepuka. Supercharger ya lamba imachulukitsa mpweya umene yaupeza. Ukatsika ku Tete imapeza wolemera, ndiye umene ukulowa m'silinda ndi wambiri kuposa umene katswiri anaona, komanso wotentha. Ndiye kuti tune imene ili bwino pa Vila ikhoza kukhala yoopsa pa Moatize tsiku lomwelo. Ulendo wachiwiri ndinatsika dala masana a Novembala kukajambula, ndipo anabweza moto pang'ono. Ndinataya timahatchi tingapo, ndimagona tulo. Pa mfundo ya mapiriyi turbo ili ndi mwayi wake, poti imatha kuzungulira mofulumirapo kuti ikwaniritse mpweya umene wachepa kumtunda. Msuweni amandikumbutsa zimenezi nthawi zonse, ndipo akunena zoona.

Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ndinasiyiratu, ndimathira pa bomba (malo omwetsera mafuta) pokha ndipo ulendo wa kumudzi ndimanyamula chigubu changa.

Kayendedwe kake ndiye kamene kanandisunga. Yapamwamba imakoka kuyambira pansi, pa 2,500 ili kale pa ntchito, ndipo pa zitunda zokwera kuchoka pa Mussacama susowa kuvutana ndi giya. Ya nkhono pansi pa 4,000 ili ngati galimoto wamba, imadzuka ikapitirira 5,000, kenako imathamangira ku 7,400 mokoma kwambiri. Pa bwalo la mpikisano ndingaisankhe. Koma ine ndilibe bwalo, ndili ndi mathiraki ndi maenje. Turbo imachedwa kamphindi kenako imakankha msana, ndipo pa mphamvu yeniyeni imatisiya tonse awiri. Mtengo wake ndi kilatchi, ya msuweni inayamba kuterereka mwezi woyamba womwe, komanso mapaipi ake amadutsa pansi, pa galimoto imene ndi yaifupi kale. Yanga kilatchi ikadali yakufakitale, ngakhale ndikumva kuti masiku ake akutha.

Kusamala kwake mwachidule: yanga ndi lamba, ndimayenda ndi wapadera m'buti pamodzi ndi sipanala yake. Ya mnzanga ili ndi makina a Rotrex a ku Denmark, amene ali ndi oyilo wakewake, saloleza wa injini, ndiye amaitanitsa kunja nthawi isanakwane. Onse atatu tinaika choziziritsira oyilo wa injini, ndipo amene akufuna kuyamba ndi chinthu chimodzi ayambe ndi chimenechi, chouzira chibwere pambuyo. Fyuluta ya mpweya nthawi ya fumbi muziiona mwezi uliwonse. Zija zotseguka zooneka ngati chipewa zimameza mpweya wotentha wa pansi pa boneti, bokosi lakufakitale ndi labwino kuposa izo. A inshuwalansi ndinawauza kuti injini ndasintha, kuopa kudzakanidwa tsiku la tsoka.

Ndiye amene mumafunsa kuti mugule iti: ngati moyo wanu uli pa msewu wa Ulongwe ndi Tete ngati wanga ndipo mukufuna kumanga nokha pakhomo, tengani yapamwamba yokhala ndi choziziritsira cha madzi, ndalama ya tune muyiike pambali musanalipire chitsulo chilichonse. Ngati mumakhala mu mzinda wa Tete momwemo ndipo phazi lanu limakonda kumtunda kwa rpm, ya nkhono sindingakuletseni. Turbo siyireni amene ali ndi galimoto yachiwiri yoyendera podikira. Mwina ndikukondera, poti ndi imene ndinaivutikira kawiri.

Kiti yoyamba ija ikadali m'nyumba yosungira katundu, pambali pa matumba a feteleza. Anthu atatu afunsa kale mtengo, onse ndawauza nkhani ya thiraki ya ku Moatize, palibe wabweranso. Alamu anga akuti tiimange pa chigayo.