Mmisiri wa ku Biwi amene amadziwa kuti zitsulo zimadyana m'madzi

Amene mukupanga timaboti kapena tizombo tolowa pansi pa madzi, ine ndikuuzani za bambo wina wowotcherera ku Biwi ku Lilongwe, ali ndi kashopu kopanda chikwangwani pakati pa magalaji paja. Ndi amene anatipangira fulemu ya aluminiyamu ya kachombo kathu konyamula kamera, kojambulira mbuna ku Senga Bay, ndipo ntchito yawo ndayikonda zedi.

Fulemu yakale yomwe inapangidwa kwina anayimanga ndi mafitingi a brass ndi mabawuti a stainless molunjika pa aluminiyamu, ndiye mozungulira bawuti iliyonse panatuluka ufa woyera, mabowo nkuyamba kukula mpaka bawuti kumagwedera. Bambowa atangoyiona anati "achimwene, apa si dzimbiri wamba ayi, zitsulozi zikudyana." Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana zili m'madzi zimakhala ngati batire, kamphamvu ka magetsi kamayenda ndipo chimodzi chimatha kuti chinacho chikhale bwinobwino. Aluminiyamu akakumana ndi kopa, brass kapena stainless wodyedwa ndi iyeyo. Madzi a nyanja yathu si amchere nde zimachedwerako kusiyana ndi ku Beira, koma zimachitikabe makamaka ngati chombo mumachisunga chonyowa.

Chimene chinandisangalatsa ndi mmene anamangira. Brass yense anachotsa, bawuti iliyonse ya stainless anayiveka kachubu ka pulasitiki mubowo ndi mawashala a nayiloni mbali zonse, kenako anatenga multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, nkuyeza pakati pa bawuti ndi fulemu, ikalira kusonyeza kuti zitsulo zikugundanabe amamasula kuyambiranso, mpaka zonse zii. Anakananso kugwiritsa marivet a aluminiyamu pa pleti ya stainless, akuti kachitsulo kodyedwako kakakhala kakang'ono pa chitsulo chachikulu kamatha msanga kwambiri, ndipo akunena zoona.

Pa nkhani ya anode, kachitsulo komwe mumamanga dala kuti kazidyedwa m'malo mwa fulemu, ambiri timangotengera za pa YouTube kugula zinc, chonsecho anthu ajawo ali pa nyanja zamchere. M'madzi ngati athuwa zinc amachita kachikuto pamwamba nkusiya kugwira ntchito, pamafunika magnesium. Bambowa anadula kachidutswa ka ndodo ya magnesium ya mu giza nkukamanga pa aluminiyamu wopala bwino, osapaka penti, kakang'ono chabe chifukwa magnesium akachuluka amatukusira penti. Kameneko kakadyeka mumasintha.

Zovuta zilipo. Amachedwa heavy, magetsi akazima ntchito yaima chifukwa jenereta alibe, foni sayankha kawirikawiri nde bola kupita konko. Mtengo wawo ndi wokwererapo kuposa anzawo oyandikana nawo koma ine sindikudandaula nawo. Mawashala a nayiloni sasunga, mugule nokha mtauni musanapite, ndipo mutenge saizi yofanana ndi mabawuti anu.